Phunziro: Kudzutsa nyumba ya kanema yomwe inagona zaka 35

Ophunzira anga, lero tipita ku London, pamsewu wa Regent Street, kukaona holo imodzi ya mipando 187 basi. Matchalitchi ambiri a m'tauni kwathu kuno amaiposa kukula. Ndaisankha chifukwa yagwirapo ntchito zosiyanasiyana, inatsekedwa kwa anthu oonera kanema kwa zaka 35, kenako inakonzedwa n'kutsegulidwanso mu May 2015. Pamene tikuyenda, funso ili likhale m'mutu mwanu: nyumba ikasinthidwa kanayi kapena kasanu, ndiye wina n'kunena kuti "tiibwezeretse mmene inalili," kodi akunena mmene inalili liti?

Mbiri ya holoyi

Poyamba siinali nyumba ya kanema, poti nthawi imeneyo kanema kunalibe. Mu 1838 pamalopa panatsegulidwa Polytechnic Institution, malo oonetsera anthu wamba zodabwitsa za sayansi. Munthu ankalipira pakhomo n'kulowa kukaona makina akuyenda, ndipo wolimba mtima ankatha kulowa m'chibelu chachikulu chachitsulo chomwe ankachimiza m'thanki ya madzi iye ali momwemo. Mu 1848 anaonjezera holo yathuyi kuti azionetseramo zithunzi zojambulidwa pagalasi, zomwe ankaziwalitsa ndi nyali n'kumaoneka zikuluzikulu pachinsalu.

Mu 1862 pa Polytechnic panaoneka mzukwa. Musaseke, anthu ankachita kukanganirana matikiti kuti akauone. John Henry Pepper ankabisa munthu pamalo poti oonerera sangamuone, n'kumuunikira ndi nyali yowala kwambiri, ndiye chithunzithunzi chake chinkagwera pagalasi lalikulu lopendekeka lomwe linali kutsogolo kwa siteji. Oonerera galasilo sankaliona. Ankangoona munthu wambuu akuyenda pakati pa ochita sewero, lupanga n'kumamupyoza osamva kanthu. Yesani nokha madzulo ano: yatsani nyali m'chipinda, kunja kuli mdima, muime pawindo lagalasi. Mudziona mutaima pabwalo pamene muli m'nyumba. Mzukwa wa Pepper ndi womwewo.

Polytechnic yoyambayo inagwa ndi ngongole mu 1881. Quintin Hogg, wamalonda wolemera yemwe ankakonda kuphunzitsa anyamata osauka, anagula nyumbayo n'kuyambitsamo maphunziro a madzulo a achinyamata ogwira ntchito masana. Sungani mfundo imeneyi: holoyi ndi sukulu akhala khomo limodzi kuyambira kalekale, ndipo tidzaifunanso kutsogoloku.

Tsiku lomwe linaitchukitsa ndi 21 February 1896. Félicien Trewey, katswiri wa zamatsenga a pasiteji wa ku France komanso mnzawo wa anyamata apachibale a Lumière, anabweretsa makina awo otchedwa Cinématographe. Anthu 54 analipira sheleni imodzi aliyense n'kuonera timafilimu tosakwana mphindi imodzi kalikonse, topanda mawu, makina akupukusidwa pamanja. Panali pasanathe miyezi iwiri chionetsereni a Lumière makinawa ku Paris pa 28 December 1895. N'chifukwa chake holoyi imatchedwa malo obadwira kanema ku Britain. Koma polemba mayeso musaiwale mawu akuti "olipira." Birt Acres anali ataonetsa kale zithunzi zoyenda ku London mu January chaka chomwecho, kungoti anaonetsa mamembala a bungwe la ojambula zithunzi, osati aliyense wogula tikiti.

Zotsatira tizidutsa mwachangu. M'zaka za m'ma 1920 m'kati mwa holoyi anakonzamo mwatsopano motsatira kamangidwe ka nthawi imeneyo. Mu 1936 anaikamo limba la mapaipi la kampani ya Compton. Pofika chaka chimenecho mafilimu anali atayamba kale kulankhula, choncho limbalo kwenikweni linkasangalatsa anthu filimu isanayambe ndi panthawi yopuma. Mu 1951 muno ndi momwe munaonetsedwa filimu yoyamba ku Britain kupatsidwa chizindikiro cha X, choletsa ana, ya Chifalansa yotchedwa La Vie Commence Demain. Mu 1980 kanema anatha, holoyo n'kusanduka chipinda chophunziriramo. Sukuluyo inadzakhala University of Westminster mu 1992.

Tibwerera chaka chiti?

Tsopano werengani nane: holo ya zithunzi za nyali ya 1848, holo ya a Lumière ya 1896, nyumba ya kanema ya m'ma 1920, chipinda chophunziriramo cha pambuyo pa 1980. Makoma ndi omwewo koma nkhope zinayi. Inuyo mukanasankha iti?

Ndikudziwa ambiri mwakweza manja pa 1896, poti ndi chaka chaulemerero. Vuto lake ndi lakuti zambiri za m'kati za nthawi imeneyo zinachotsedwa kapena kukwiriridwa ndi ntchito za pambuyo pake. Kuti mubwezeretse 1896 mufunika kugumula zokongoletsa zenizeni za m'ma 1920, zomwe zilipo ndipo mukhoza kuzikhudza ndi dzanja, n'kuikapo zatsopano zongoyerekeza poonera zithunzi zakale. Mwaononga chakale chenicheni kuti mumange chakale chabodza. Akatswiri ojambula mapulani a Tim Ronalds Architects, omwe anapatsidwa ntchitoyi, anasunga ndi kukonza maonekedwe a m'ma 1920. Ineyo ndikuona kuti anachita bwino.

Maganizo amenewa sanayambe ndi iwo. Mu 1964 akatswiri osamalira nyumba zakale anakumana ku Venice n'kugwirizana mfundo zomwe mpaka lero zimatsogolera ntchitoyi m'mayiko ambiri. Mwachidule mfundozo zikuti ntchito yabwino ya m'badwo uliwonse womwe unakhudza nyumbayo ilemekezedwe, wokonza alekeze pomwe umboni walekeza osayamba kulota, ndipo chomwe chaonjezedwa lero chigwirizane ndi chakale koma chizizindikirika kuti n'chatsopano, kuti mdzukulu wanu asadzanamizidwe.

Umboniwo amaupeza bwanji? M'mapulani akale, m'zithunzi, m'makalata a amisiri, ndiponso pakhoma penipenipo. Apa ndipamene ntchitoyi imandisangalatsa. Katswiri wa utoto amafika ndi kampeni konga ka dokotala wa opaleshoni. Amasankha pakona pobisika, monga kuseri kwa chitseko kapena pansi pa choikapo nyali, poti malo oterewa opaka penti aulesi sankapala. Amadula kachidutswa kochepa ngati kambewu ka mpunga, kuyambira pamwamba mpaka kufika papulasitala. Kachidutswako amakaumitsa m'kati mwa pulasitiki, n'kukapera m'mbali kuti kasalale, kenako n'kukaika pa maikulosikopu. Zomwe zimaoneka ndi mizere yosanjikizana, utoto uliwonse mzere wake. Pakati pa mizere ina pamakhala kamzere kakuda. Limenelo ndi fumbi ndi utsi wa fodya zomwe zinamatirira khoma lisanapakidwenso, ndipo kamzereko kakakhala konenepa ndiye kuti utoto wa pansi pakewo unakhala zaka zambiri. Kachidutswa kamodzi kamauza mmisiri mtundu womwe khoma linali nawo m'nthawi ya agogo, popanda kufunsa munthu.

Denga liyambe, penti pambuyo

Anthu ambiri akamva zokonza nyumba yakale amathamangira penti ndi chikwangwani chowala, poti n'zomwe alendo olemekezeka amaona patsiku lodula riboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mdani wamkulu wa nyumba yakale ndi madzi. Denga likadontha, matabwa amaola, zitsulo zimachita dzimbiri n'kufufuma mpaka kung'amba khoma, pulasitala amayoyoka, ndipo kwathu kuno chiswe sichichedwa kumva fungo la thabwa lonyowa. Choncho ndondomeko yake ndi iyi: tsekani podontha, konzani ngalande ndi mapaipi a madzi a mvula, dikirani nyumba iume, kenako muone ngati mizati ndi mitanda ikadali ndi mphamvu. Zokongoletsa zimabwera kumapeto.

Pakhoma lakale lomangidwa ndi laimu musamatepo simenti. Laimu ndi wofewa ndipo amalola chinyezi kutuluka. Simenti ndi youma gwa, imatsekera chinyezi m'kati, ndiye njerwa yakaleyo imayamba kufumbutuka kuseri kwake pamene kunja kukuoneka bwinobwino. Amisiri ambiri achangu aononga nyumba zakale mwa njira imeneyi akuganiza kuti akuzilimbitsa.

Nyumba za kanema ndi za zisudzo zili ndi vuto lawolawo, siling'i. Masiling'i okongola a nthawi imeneyo ankapangidwa ndi pulasitala wosakaniza ndi ziguduli, n'kupachikidwa kumitanda ndi timitolo ta chiguduli choviikidwa m'pulasitala yemweyo. Chiguduli chimaola. Pa 19 December 2013, gawo la siling'i ya Apollo Theatre, ulendo wa mphindi zochepa wapansi kuchoka pa holo yathuyi, linagwera anthu sewero lili m'kati, ndipo anthu oposa 70 anavulala. Ofufuza anapeza kuti timitolo tija tinali titafooka ndi ukalamba. Kuyang'ana siling'i uli pansi n'kunena kuti ili bwino n'kudzinamiza. Munthu akwere pamwamba pake ndi tochi, aone mfundo iliyonse.

Zomwe akale sanaziganizire

Gawo ili ndi lomwe limabweretsa mkangano, chifukwa apa wokonza amakakamizika kusintha chinthu chomwe walonjeza kuchisunga.

Tiyambe ndi moto. Filimu yakale inkapangidwa ndi mankhwala otchedwa nitrate, omwe akagwira moto amayaka ngakhale muwaviike m'madzi. N'chifukwa chake lamulo la ku Britain la 1909 linkafuna kuti makina oonetsera azikhala m'kachipinda kakekake kosagwira moto, ndipo mpaka lero kanema amatulukira pakawindo kakang'ono kumbuyo kwa holo. Komabe lamulo silinaletse zomwe zinachitika pa 31 December 1929 ku Glen Cinema, m'tauni ya Paisley ku Scotland. Chitini cha filimu chinayamba kufuka utsi holo itadzaza ana. Moto sunafalikire n'komwe, koma anawo anathamangira kuzitseko zomwe zinakanika kutseguka, n'kupondana pomwepo. Ana 71 anamwalira. Mukamaona chitseko cha holo chikutsegukira kunja, chili ndi chitsulo chongokankha komanso nyali pamwamba pake, dziwani kuti malamulo amenewo analembedwa pambuyo pa maliro ngati amenewa. Chitseko chakale chikhale chokongola bwanji, ngati chingatsekereze anthu, chisinthidwe. Apa ine sindinyengerera.

Chachiwiri ndi anthu olumala. Omanga akale sankaganizira munthu wa panjinga ya olumala. Paliponse masitepe, zimbudzi zopanikiza. Nyumba yoti ikhale ya anthu onse iyenera kukhala ndi polowera popanda masitepe, malo a njingazo m'holo momwe, ndi zothandiza osamva bwino. Luso lagona pakupeza malo a zonsezi osaphwanya chomwe anthu abwerera kudzaona. Ku Regent Street anamanga mizere yatsopano ya mipando yotsetsereka kuchoka pakhonde lam'mwamba lakale kutsikira kutsogolo, moti aliyense amaona chinsalu popanda mutu wa mnzake kumutchinga. Kunsi kwa mipandoyo kunatsala mpata, ndipo mpata umenewo unasanduka malo ofikira anthu ndi ogulitsirapo zakumwa. Makoma ndi denga zinatsala zakale, pokhala n'patsopano.

Ku Leeds anachita mwina. Hyde Park Picture House inatsegulidwa mu November 1914, khonsolo ya mzindawo inaipulumutsa mu 1989 itatsala pang'ono kutsekedwa, ndipo inatsegulidwanso mu June 2023 itakonzedwa ndi ndalama zokwana mapaundi 4.8 miliyoni. Pamwamba panalibe malo, ndiye anakumba pansi n'kupezamo kaholo kachiwiri ka mipando pafupifupi 50. Koma nyali zake zisanu ndi zinayi zoyendera gasi anazisiya, ndipo zimayakabe filimu ikamaonetsedwa. Amati akale anaziika kuti m'holo musamade kwambiri, anyamata ndi atsikana a kumipando yakumbuyo angaiwale mwambo. Ndaona ena kumbuyoko mwayang'ana pansi.

Makina

Masiku ano filimu imafika ku nyumba ya kanema ngati fayilo ya pakompyuta, ndipo woonetsa amangodina batani. Regent Street ili ndi makina amakono oterewa. Koma anaikamonso mapurojekita a filimu yeniyeni, ya 35mm ndi 16mm, pamene nyumba zambiri za kanema zinali zitangowataya kumene. Kodi kumeneku si kuononga ndalama?

Taonani mmene woonetsa wa 35mm amagwirira ntchito. Filimu ndi lamba wautali wa tizithunzi, ndipo tizithunzi 24 timadutsa kutsogolo kwa nyali pasekondi iliyonse. Mkombero umodzi umatha pafupifupi mphindi 20, choncho filimu ya maola awiri imabwera m'mikombero isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Makina amakhala awiri moyandikana. Wina akamaonetsa, woonetsayo amakhala akumangirira mkombero wotsatira pa winayo. Mkombero ukatsala pang'ono kutha, iye amasuzumira pakawindo, maso ali pakona yakumanja yam'mwamba ya chinsalu. Kadontho kakaphethira, amayatsa injini ya makina achiwiri. Pakapita masekondi ochepa kadontho kena kamaphethira, ndipo nthawi yomweyo amatseka kuwala kwa makina oyamba n'kutsegula kwa achiwiri. Akachita bwino, palibe m'holo amadziwa kuti pachitika kanthu. Akagona, chinsalu chimangoti mbee, anthu n'kuyamba kuimba malikhweru.

Wophunzira za mafilimu amene waimapo m'kachipinda kameneko, n'kugwira lamba wa filimu ndi zala zake, n'kuona tizithunzi tili ndondondo, amamvetsa kanema mwa njira yomwe buku silingamuuze. Komanso mafilimu ena akale osungidwa m'nyumba zosungiramo zakale sanasamutsidwirebe pakompyuta, moti popanda makina oterewa sangaonedwe. Kwa sinema ya malonda makinawa ndi katundu wolemetsa, koma kwa holo ya yunivesite ndi labotale. Kungoti walira mvula walira matope: makinawa amafuna munthu wowadziwa, ndipo anthu oterowo akukalamba. Kusunga purojekita osaphunzitsa wachinyamata kuiyendetsa n'kungosunga chitsulo.

Limba la 1936 lija nalonso analikonza, ndipo limalizidwa pa mafilimu akale opanda mawu komanso pa zionetsero za masana zomwe achikulire amalowa pamtengo wotsika.

Ndalama, ndi funso la Lachiwiri masana

Ntchito ya ku Regent Street inadya mapaundi 6.1 miliyoni. Gawo lina linachokera ku Heritage Lottery Fund, thumba lomwe limatenga ndalama za lotale ya dziko la Britain n'kuzipereka ku ntchito zosamalira zakale. Zina zinachokera ku Quintin Hogg Trust ndi mabungwe ena othandiza, ndipo anthu wamba ankapereka kangachepe kuti dzina lilembedwe pampando. Thumba la lotaleli silikhutira ndi mapulani a nyumba okha. Limafuna kuona ndondomeko ya mmene anthu adzapindulire: ana a sukulu adzabwera kudzaphunzira chiyani, anthu ongodzipereka adzagwira ntchito yanji, mbiri ya malowo idzafotokozedwa motani.

Amafunsa zimenezi chifukwa ndalama yomangira imabwera kamodzi, pamene bilu ya magetsi imabwera mwezi ndi mwezi. Patsiku lotsegulira holo imadzaza yokha. Funso lomwe ndikufuna muzifunsa aliyense wobwera ndi pulani yokonza nyumba yotere ndi ili: Lachiwiri masana, miyezi isanu ndi umodzi chidulireni riboni, m'holomu mudzakhala ndani, ndipo mlonda adzalipidwa ndi ndalama yochokera kuti?

Tauni ya Jenin ku Palestine ili ndi yankho lowawa. Cinema Jenin inatsekedwa mu 1987 chifukwa cha zipolowe za nthawi imeneyo. Patapita zaka zoposa 20, wojambula mafilimu wa ku Germany, Marcus Vetter, pamodzi ndi anthu a m'tauniyo ndi achinyamata ongodzipereka ochokera kunja, anaikonza bwino kwambiri, ndipo inatsegulidwa ndi chikondwerero mu August 2010. Cholinga chinali chomwechi, kanema ndi maphunziro. Koma oonerera anali ochepa, thandizo lakunja linaphwa, ndipo nyumbayo inali ndi eni ake. Eniwo anaigulitsa. Mu December 2016 inagumulidwa kuti pamangidwe nyumba ya mashopu. Amisiri sanalakwitse kanthu pakhoma kapena padenga.

Apa ndipamene mfundo ija ndinati musunge ikugwira ntchito. Holo ya ku Regent Street ili m'kati mwa nyumba ya yunivesite. Si nyumba yapayokha yoti mawa ingagulitsidwe kwa womanga mashopu, ndipo ophunzira ali pakhomo pomwepo. Masana ikhoza kukhala kalasi, madzulo n'kulandira aliyense wogula tikiti, Loweruka n'kuonetsa za ana. Mipando yomweyo imagwira ntchito kangapo patsiku. Ngati mukufuna chinsinsi cha kukonzera nyumba yakale anthu wamba ndi ophunzira nthawi imodzi, chagona pamenepa kuposa pa utoto.

Ntchito yokachita kunyumba

Kwathu kuno ambiri a inu kanema munamudziwira m'kachipinda ka vidiyo sho pamsika, pabenchi, filimu ya karate itamasuliridwa m'Chichewa, kapena pafoni ya m'manja. Koma nyumba zakale zopatsidwa ntchito yatsopano tili nazo. Mandala House ku Blantyre, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, lero muli laibulale ya Society of Malawi, ndipo ofufuza mbiri amakwera masitepe ake kukawerenga.

Ndiye sabata ino pezani nyumba imodzi yakale m'dera lanu yomwe anthu ankasonkhanamo: holo ya boma, ya mishoni, ya pa esiteti, kapena yomwe kale munkaonetsedwa kanema. Musalowe ngati denga likuoneka lofooka, ndipo pemphani kaye kwa oyang'anira malowo. Muizungulire kunja, mulembe pomwe madzi akulowera. Muwerenge zitseko, muone ngati zikutsegukira kunja kapena m'kati. Mufufuze mwini wake wa nyumbayo ndi wa malo omwe yaimapo, poti nthawi zina amakhala anthu awiri osiyana. Kenako mupeze agogo amodzi omwe analowamo ali achinyamata, muwapatse moni mwaulemu, muwafunse zomwe zinkachitikamo ndi mtengo wolowera, ndipo mulembe mawu awo mmene awanenera. Pomaliza, patsamba limodzi lokha, mundiuze chaka chomwe mungaibwezeretseko ndi umboni womwe muli nawo, komanso amene angadzakhalemo Lachiwiri masana. Mubweretse Lolemba m'mawa, ndipo wobwera ndi mtundu wa penti wokha ndidzamubweza.